Kalata Yomatidwa Kawiri

Ndinabadwira ndi kukulira ku Makuzi, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Kamtunda pang'ono kuchokera pamudzi pathu pali manda a amishoni a ku Scotland amene anadzakhazika mishoni ya Bandawe m'chaka cha 1881 atasamuka ku Cape Maclear. Angapo mwa iwo anagona pomwepo ndi malungo, koma sukulu imene anayambitsa inakhalitsa. Atonga akwathu anaphunzira msanga kulemba ndi kuwerenga, ndipo ataphunzira anauyamba ulendo wa ku Joni, ku Salisbury ndi kumigodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Pamudzi pankatsala amayi, ana ndi okalamba. Chimene chinkalunzanitsa otsala ndi opita chinali kalata basi.

Masiku ano ana athu akamakangana za intaneti, kuti kaya boma limawerenga mauthenga a pa WhatsApp kaya siliwerenga, ine maganizo anga amathamangira kwa agogo anga aakazi ndi envulopu imodzi imene ndinaigwira m'chaka cha 1979. Ndikufuna ndifotokoze za envulopuyo, chifukwa nkhani yoti wina akumvetsera zimene anthu awiri akuuzana siinabwere ndi foni. Kwathu kuno ndi nkhani yakale, ndipo tili ndi zipsera zake.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 6. Agogo sankadziwa kuwerenga, choncho maso awo ndinali ine. Amalume anga, amene kwathu timati asibweni, ankagwira ntchito ku Kitwe m'dziko la Zambia, ndipo ankalemba kalata pafupifupi mwezi uliwonse, m'Chitonga, ndi zilembo zopendekera zija za ana a mishoni. Kalata ikafika agogo sankandipatsa nthawi yomweyo. Ankayamba aitembenuza, n'kuyendetsa chala chawo chachikulu pamene envulopu inamatidwa, monga amachitira mayi poyesa ngati ufa wa kondowole wauma. Tsiku lina chala chija chinaima. Pepala linali litakwinyika, ndipo m'mbali munali mutatuluka guluu wofiirira wosiyana ndi wa masiku onse.

"Iyi yadzera m'manja mwa ena," anatero agogo. "Tiye m'nyumba. Uwerenge chapansipansi."

M'kalatamo munalibe chilichonse choopsa. Amalume ankafunsa ngati denga linafoleredwa, ngati usipa ukugwidwa, ndiponso ankapepesa kuti ndalama zachedwa. Komabe kuyambira tsiku limenelo kawerengedwe ka makalata kanachoka pakhonde n'kulowa m'nyumba, ndipo kalembedwe ka mayankho kanasintha. M'mwezi womwewo bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anatengedwa usiku ndi anthu obwera pagalimoto, ndipo anali mnzawo wa amalume wa paubwana. Pamene tinkalemba yankho ndinafunsa kuti, "Agogo, nanga za anzawo aja tisawauze?" Iwo anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Lemba kuti kuno tonse tili bwino, mwera wachepa. Ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata." Ndinalemba momwemo. Limenelo linali bodza langa loyamba la papepala, ndipo ndinaphunzitsidwa ndi munthu amene ankandikwapula ndikanama.

Nditakula ndi pamene ndinazindikira kuti agogo sanayambe okha mantha amenewa. Anawalandira kwa makolo awo. M'chaka cha 1908 Elliot Kamwana wa ku Chifira, amene anaphunzira pa Bandawe pomwepa, anabwerera kwawo ndi uthenga wa Watch Tower n'kubatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka. Atsamunda anamuthamangitsa m'dziko muno m'chaka cha 1909, pambuyo pake anakamusunga kuzilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera m'chaka cha 1937. Mwana winanso wa ku Chifira, Clements Kadalie, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Boma la ku Zomba linkaopa kwambiri maganizo a anthu oterewa, ndipo linkadziwa kuti maganizowo amalowa m'dziko kudzera m'thumba la makalata. M'chaka cha 1926 Isa Macdonald Lawrence anagamulidwa kukagwira ukaidi wa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepala ya Marcus Garvey yotchedwa Negro World pamodzi ndi ya ICU yotchedwa Workers' Herald. Mlandu wake unali mapepala. Choncho diso la boma pa makalata a anthu a kunyanja linalipo kale Malawi asanakhale Malawi.

Ufulu utabwera mu 1964 tinkayesa kuti diso lija lapita ndi eni ake, koma linangosintha mwini. Patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zingapo zinasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo mwa izo munali ana awiri a boma lathu la Nkhata Bay: Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume. Onse anathawira kunja. Kuchokera pamenepo dera lathu linkaoneka ngati kwawo kwa zigawenga, ndipo kalata yochokera ku Zambia kapena ku Tanzania, kumene othawawo ankakhala, inali yokayikitsa isanatsegulidwe n'komwe. Apolisi a Special Branch ankatsegula makalata ndi kumvetsera lamya. Apayoniya ndi achinyamata a chipani ankamvetsera za m'misika, m'mabasi ndi m'malo omwera mowa. M'chaka cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopereka mphamvu ku bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, kotero kuti zolembedwa zonse zinali ndi mlonda wake. Ife alembi timakumbukira bwino kuti Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 popanda mlandu kukhothi, ndipo anatuluka mu 1991.

Kalata inkathanso kusanduka chida. M'chaka cha 1979 chomwecho chimene agogo anapeza guluu wachilendo, Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lotsutsa la LESOMA, analandira phukusi la bomba ali ku Maputo, ndipo linamudula zala. Anadzaphedwa ku Harare mu 1983. Ife ana sitinkazidziwa zimenezi, koma akuluakulu ankazimva usiku pa wailesi zakunja, atachepetsa mawu mpaka kuika khutu pa wailesipo.

Chimene chinatha makalata a amalume chinachitika Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera atagwidwa pa 24 Disembala 1981 kumalire a Zambia. Miyezi yotsatira kwathu kunali phee. Anthu achilendo ankayenda m'midzi kufunsa kuti ndani ali ndi abale ku Zambia, ndipo amalemberana zotani. Kwathu sanafike, koma agogo sanadikire kuti afike. Usiku wina anatulutsa kasutikesi kachitsulo kamene kankakhala kunsi kwa bedi, momwe munali makalata a zaka zoposa khumi, atamangidwa m'mitolo ndi luzi. Anandiuza kuti ndikoleze moto kukhitchini. Ndinkaponya mtolo umodziumodzi, iwo atakhala pamphasa osanena kanthu. Titamaliza anati phulusa ndikalitaye kunyanja kusanache.

Amalume anamwalira ku Zambia komweko patapita zaka zochepa, osabwereranso kumudzi. Lero ndilibe ngakhale mzere umodzi wolembedwa ndi dzanja lawo. Palibe wapolisi amene analanda makalatawo. Tinawatentha tokha. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse: ukazitape supweteka kwambiri ndi zimene wawerenga, koma ndi zimene waletsa kuti zilembedwe ndi zimene wachititsa eni ake kuwononga okha. Munthu mmodzi wotsegula makalata ankatha kutseka pakamwa pa boma lonse, ngakhale kuti sakanatha kuwerenga kalata iliyonse. Chodabwitsa n'chakuti makalata ena amene atsamunda analanda akusungidwabe m'nyumba zosungira mbiri, ndipo akatswiri amawawerenga mpaka lero, pamene makalata a anthu wamba ngati amalume anathera pamoto. Mbiri ya zaka makumi atatu zija ili ndi mabowo ambiri otere, nyumba ndi nyumba.

Mantha aja anayamba kusweka mu 1992, ndipo anasweka ndi kalata. Pa 8 Malichi chaka chimenecho m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kupondereza ufulu wa anthu. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu, koma inali itafala kale. Makina a fakisi ndi a fotokope anachita zimene positi siikanatha: pepala linkachokera ku Lusaka kapena ku London n'kutulukira mu ofesi ya ku Blantyre popanda kudutsa m'thumba la makalata, m'mawa mwake n'kukhala litachulukitsidwa. Anthu ambiri anamangidwa chifukwa cha mapepala amenewa, koma alonda anachepa. Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okotobala 1992, Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Amene analemba malamulo atsopano oyendetsera dziko mu 1994 ankakumbukira guluu uja. N'chifukwa chake gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi zinsinsi zake, ndipo limatchula mwachindunji kuti makalata ndi mauthenga onse a palamya asalowereredwe.

Kenaka kunabwera foni za m'manja. TNM inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel inatsatira mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain, kenaka Airtel mu 2010. Ndikukumbukira anthu akwathu akukwera pachulu kufunafuna netiweki kuti alankhule ndi mwana wa ku Johannesburg. Kalata inafa imfa yachete. Lero msodzi wa ku Makuzi amadziwa mtengo wa usipa wa ku Mzuzu asanafike kumtunda ndi bwato lake, ndipo ndalama za maliro zimafika pafoni thupi lisananyamuke kuchipatala. Palibe amene angafune kubwerera m'mbuyo, ngakhale ine amene ndikudandaula pano.

Koma foni ili ndi khalidwe limene kalata inalibe. Kalata inkadziwika ndi wolemba, wolandira, ndi wakuba ngati analipo. Foni imasiya mapazi paliponse. Kampani ya foni imadziwa nambala imene mwaimbira, nthawi yake, kutalika kwa macheza, ndiponso nsanja ya netiweki imene munali nayo pafupi, kutanthauza kuti imadziwa kumene munali. Ngakhale WhatsApp, imene kuyambira 2016 imabisa mawu a uthenga kuti awerenge ndi awiri okha, imadziwabe kuti mukulemberana ndi yani ndiponso liti. Wapolisi wa Special Branch akanapatsidwa kaundula wotere wa mudzi wathu wonse, sakanavutika n'kutenthetsa madzi ofewetsera guluu.

N'chifukwa chake mitima ya ambiri inadumpha pamene zinamveka, cha m'ma 2010 ndi 2011, kuti bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA lagula makina otchedwa CIRMS ku kampani ya ku America ya Agilis International pamtengo wa madola 6.8 miliyoni. Bungweli linkati makinawo ndi ounikira ngati makampani a foni akutumikira bwino anthu ndiponso ngati akulipira ndalama zoyenera kuboma. Anthu wamba anawapatsa dzina lawolawo: makina a ukazitape. Nzika zina zinakamang'ala kukhothi, Khothi Lalikulu linaletsa makinawo, koma mu 2014 Khothi la Apilo linalola MACRA kuwagwiritsa ntchito. Kaya makinawo amamva mawu kaya samva, dzina limene anapatsidwa likusonyeza kuti dziko lino silinaiwale.

Zinthu zinapitirira. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la zamauthenga pamodzi ndi lina lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, atajambulidwa nkhope ndi zidindo za zala. Mu 2018 aliyense analamulidwa kulembetsa simukhadi yake, apo ayi nambala itsekedwa. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake chomveka: akuba a pafoni alipo, ndipo ambiri kwathu analirapo ndi uthenga wabodza wakuti mwapata mphoto. Koma mukaziphatikiza, mupeza kuti nambala ya foni, nkhope, chala, ndalama za pafoni ndi malo amene munthu wagona zamangidwa pamtolo umodzi wokhala ndi dzina lake. Funso la agogo likadalipo: mtolowo uli m'manja mwa yani?

Mayankho ena tawaona kale. Lamulo la 2016 la chitetezo cha pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zokhudza atsogoleri, monga namwino wina amene anamangidwa mu 2022. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata chimene anasindikiza. Mu Januwale 2025 kunamvekanso kuti MACRA yapereka ntchito ya madola pafupifupi 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom, yoti ibweretse makina olondola nkhani zabodza pamasamba a mchezo, ndipo mabungwe a atolankhani ndi omenyera ufulu wa anthu anadandaula kwambiri. Zimenezi zachitika pansi pa maboma osiyanasiyana, a zipani zosiyanasiyana. Chilakolako chomvetsera sichikhala ndi mtundu wa nsalu.

Si ife tokha. Mu 2013 Edward Snowden anaulula kuti boma la America linkasonkhanitsa kaundula wa mafoni ndi mauthenga a anthu mamiliyoni, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu mamiliyoni ambiri a pa Facebook n'kuzigwiritsa ntchito pa ndale. Kusiyana kwake n'kwakuti makina amene amasunga zithunzi ndi mauthenga athu ali kutsidya kwa nyanja zazikulu, m'manja mwa makampani amene sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Chintheche. Timavomera malamulo awo podina kabatani, m'chinenero chimene ambiri a ife sitiwerenga.

Komabe ndikapita kumudzi, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si makina a ku Blantyre kapena a ku America. Ndi ife eni. Mlongo wanga, amene maso ake afooka, amapereka foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa mnyamata wa pagolosale kuti amutapire ndalama zimene mwana wake watumiza kuchokera ku Joni. Mnyamatayo amadziwa ndalama zimene nyumba iliyonse ya m'mudzimo imalandira, kuposa mmene nyakwawa imadziwira. Pali anthu amene simukhadi zawo zinalembetsedwa pa chiphaso cha munthu wina, osaganiza kuti tsiku la mlandu adzafunsidwa ndi mwini chiphasoyo. Tsiku lina bwato litagubuduzika ndi mwera, chithunzi cha mtembo wa mnyamata wina chinafika pafoni ya mayi ake kudzera pagulu la WhatsApp akuluakulu asanafike kudzapereka uthenga mwa mwambo. Ndipo amene amamangidwa chifukwa cha zolemba za pagulu, kawirikawiri sagwidwa ndi makina: wina wa m'gulu momwemo ndiye amajambula uthengawo n'kuutumiza kwina. Akuluakulu anati khoswe wa patsindwi anaulula wa padzala. Kale mudzi unkanong'onezana dzina la kazitape wake. Lero aliyense wa ife wanyamula kazitape m'thumba, ndipo nthawi zina kazitapeyo ndi ife.

Sindikunena kuti tibwerere kukhitchini kukatentha mafoni. Njira ya agogo inatipulumutsa, koma inatidyera mbiri yathu, ndipo sindifuna kuti adzukulu anga aphunzire kulemba kuti tonse tili bwino pamene sitili bwino. Kusiyana kwa nthawi yawo ndi yathu n'kwakuti ife tili ndi poimira. Gawo 21 lija lilipo. Kuyambira 2024 tilinso ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, limene limati wosonkhanitsa mbiri ya munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, aisunge mosamala, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa ndi kukonzetsa zolakwika. Chondidandaulitsa n'chakuti ntchito yolondera lamuloli inaperekedwa kwa MACRA, bungwe lomwe lija la makina. Mlonda wotereyu amafunika anthu omuyang'anira, ndipo anthuwo ndi makhothi, aphungu, atolankhani ndi ife alembi. Lamulo limene eni ake salidziwa limafanana ndi kalata ya m'manja mwa agogo popanda mdzukulu wowerenga. Ndani wamasulira lamuloli m'Chichewa, m'Chitonga kapena m'Chitumbuka kuti mlongo wanga alimve? Ndani akuphunzitsa ana kusukulu kuti pulogalamu ya tochi ya pafoni ilibe chifukwa chopemphera mayina a anzawo onse, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana?

Agogo anamwalira asanagwirepo foni. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanakhalapo, akanailandira m'manja, n'kuitembenuza, n'kuyendetsa chala chawo chachikulu kumbuyo kwake kufunafuna pamene yamatidwa. Sakanapeza kanthu. Kalata yotsegulidwa inkadziulula yokha ndi makwinya ndi guluu, ndipo mayi wosaphunzira wa ku Makuzi ankatha kudziwa kuti wina wadutsapo. Uthenga wa pafoni ungawerengedwe ndi anthu khumi n'kufika uli wosalala ngati kuti sunakhudzidwe. Popeza chala sichingatithandizenso, chatsala n'kufunsa mokweza, masana, pakhonde: ndani akusunga mauthenga athu, akuwasunga mpaka liti, ndipo analoledwa ndi khothi liti kuwatsegula? Agogo sakanatha kufunsa mafunso amenewa popanda kugona m'chitolokosi. Ife tingathe, ndipo anthu ngati Orton Chirwa anafera m'ndende tisanafike pamenepa.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga ananditumizira uthenga wa mawu kuchokera ku Johannesburg, akudandaula za mtengo wa zinthu kumudzi ndi za atsogoleri amene amangolonjeza. Nditayamba kumuyankha ndinadzipeza ndikuchepetsa mawu, ndili ndekha m'nyumba, zaka zoposa makumi anayi chitenthereni makalata aja. Ndinafufuta uthengawo n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno ndinamuuza zonse monga zilili.